Titaniyamu si poto wa nsima, lekani kumukwecha

Nyengo ya mango ino yatibweretsera othyoka msana ambiri, ena ogwa mumtengo, ena a ngozi za kabaza, ndipo mathireyi a zitsulo zam'msana akutsegulidwa pafupipafupi. Sabata yatha, m'chipinda china chotsukira zida za ku fiyeta muno mu Blantyre, ndinapeza masikuluwu a titaniyamu, chitsulo chimene timamangira mafupa a msana, otsala pa opaleshoni akukwechedwa ndi waya wotsukira mapoto. Analowa m'beseni abuluu, n'kutuluka otuwa. Wotsukayo anandionetsa monyadira kuti utoto wonse wachoka.

Anzanga, ujatu si utoto. Chitsulo chimenechi, chotchedwa Ti-6Al-4V, ndi titaniyamu wosakaniza ndi aluminiyamu magawo 6 pa 100 alionse ndi vanadiyamu magawo 4. Thupi limachilandira mwamtendere chifukwa cha kakhungu ka okusayidi kokuta pamwamba pake, kamene kamapangika chitsulocho chikakumana ndi mpweya. Kufakitale amakakhuthalitsa ndi magetsi, njira yotchedwa anodizing, ndipo buluu, golide kapena pepo amene mumaonayo amachokera pa kukhuthala kwa kakhunguko. Mukakakwecha, kena kamameranso kokha, koma kopyapyala zedi. Ka kufakitale kaja sikabwerera. Wayayo amasiyanso tizitsulo take m'mikwingwirima, timene timachita dzimbiri mu autoclave, makina ophera tizilombo pa zida ndi nthunzi yotentha. Ndiponso mitunduyo ndi imene imatithandiza kusiyanitsa masaizi msangamsanga pamene dokotala watambasula dzanja.

Titaniyamu ndi wolimba koma sapirira kukhulana. N'chifukwa chake madisiki ochita kupanga, olowa m'malo mwa chicherewecherewe cha pakati pa mafupa a msana, ambiri amaterereka pa cobalt-chromium ndi pulasitiki ya polyethylene. Titaniyamu amamuika kumbali yokhudza fupa, atamuchititsa nthunthu kuti fupa limere n'kumugwira. Kumene akufuna kuti nayenso aterereke amamukuta ndi titanium nitride, yooneka ngati golide. Anthu anavutikira kakhungu ka pa masikuluwu kaja, inu n'kukachotsa m'mphindi ziwiri poti "timatsuka chonchi kuyambira kale". Kale limenelo zitsulo zathu zinali za stainless steel, ndipo nazonso waya ankaziwononga.

Pokwecheka m'pamene pamayambira fumbi la chitsulo. Maselo oteteza thupi amalimeza, malowo amatupa, fupa lozungulira limadyeka, sikuluwu n'kuyamba kugwedera.

Pali bambo ena a ku Lunzu, alimi a tomato, amene anaikidwa ndodo ya titaniyamu kumsana, n'kubwerera msana ukulira akamawerama. Titatsegula tinapeza mnofu wada ngati mwaye, ndodo yachitsulo itathyoka pomwe panali mano a pulayala. Titaniyamu akangochekeka pang'ono, kufooka kwake mpaka kuthyoka kumayambira pomwepo. Atatsitsimuka anandigwira dzanja: "Adokotala, mbuzi zitatu zapita pa thiransipoti, dimba lauma. Ulendo uno chitsulocho chikhala?" Mpaka lero ndikaona waya m'beseni ndimamva mawu amenewo.

Zochita mukuzidziwa. Burashi ya nayiloni, sopo wa enzayimu wosungunula monga alembera, muzimutsuka bwino, uumitsani. Titaniyamu azikhala m'thireyi yakeyake, asamagundane ndi stainless steel. Popinda ndodo gwiritsani chopindira chake, osati pulayala. Chokandika chiikeni padera n'kuuza woyang'anira, chimene chinalowapo m'thupi la munthu chisabwererenso m'thireyi, ndipo paketi ya disiki musaitsegule dokotala asanatsimikize saizi.