Momwe wojambula makomiki angalowere m'ntchito ya makatuni ndi mafilimu

Wojambula amene wazolowera makomiki akaitanidwa ku situdiyo ya makatuni kapena ya mafilimu, chimene chimayamba kumudabwitsa n'chakuti chithunzi chake sichikhalanso mapeto a ntchito. M'buku, chimene wajambula ndi chimene wowerenga amachiona, pomwe mu situdiyo chithunzi chimasanduka malangizo opita kwa anthu ena, ndipo chikatha ntchito yake chimaikidwa m'kabati. Ngati mukufuna kugwira ntchito m'magawo atatu onsewa, muyenera kudziwa chimene gawo lililonse limafuna kwa dzanja lanu.

Yambani ndi tsamba la komiki, chifukwa ndi pamene mungaphunzire kufotokoza nkhani popanda kudikira ndalama za wina. Jambulani nkhani ya masamba anayi kapena asanu ndi atatu yopanda mawu, kenaka muipereke kwa munthu amene simunamuuze chilichonse, kuti akufotokozereni zimene zachitika. Pamene wasokonezeka ndi pamene pali vuto, ndipo kawirikawiri vutolo silikhala kukongola kwa nkhope koma kusadziwika kwa malo amene anthu aima, amene wayamba kulankhula, kapena kutalika kwa nthawi imene yadutsa pakati pa bokosi lina ndi linzake. Malizani nkhani iliyonse imene mwayamba, ngakhale ikuoneka yonyozeka, popeza mkonzi amakhulupirira masamba omalizidwa kuposa zithunzi zokongola zoima pazokha. Mukapeza mwayi wothandizira katswiri, musaukane. Jean Giraud wa ku France, amene dziko linamudziwanso ndi dzina lakuti Moebius, anathandizira kaye Jijé wa ku Belgium mu 1961, ndipo patapita zaka ziwiri ndi pamene anayamba komiki ya Blueberry pamodzi ndi mlembi Jean-Michel Charlier m'magazini ya Pilote.

Mukafika ku makatuni, phunzirani kuchotsa mizere. Filimu imayenda pa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo ngakhale masitudiyo ambiri amajambula 12 zokha n'kuonetsa chilichonse kawiri, batani lililonse limene mwaika pa malaya a munthu wanu lidzajambulidwa kambirimbiri ndi manja a anthu amene mwina simudzakumana nawo n'komwe. N'chifukwa chake ntchito yoyamba imene mungapatsidwe ndi kukonza model sheet, pepala loonetsa munthu mmodzi kutsogolo, cham'mbali ndi kumbuyo, kutalika kwake kutayezedwa ndi kukula kwa mutu wake, komanso nkhope yake akakwiya, akaseka ndi akachita mantha. Mudziyese motere: detsani thupi lonse ndi inki kuti litsale ngati mthunzi, ndipo ngati munthuyo sakudziwikabe, bwererani mukakonzenso maonekedwe ake. Alex Toth, amene anachokera ku makomiki n'kukonza maonekedwe a Space Ghost ku situdiyo ya makatuni ya Hanna-Barbera mu 1966, amatamandidwa mpaka lero chifukwa cha luso lomweli lonena zambiri ndi mizere yochepa. Kunena zoona, ojambula ambiri amene amanyadira mithunzi yothithikana ndi pano pamene amagwa ulesi, koma ine ndimaona kuti kudziletsa kumeneku kumakonza ngakhale masamba awo akabwerera ku mabuku.

Musayembekezere kuti ntchito yonse ya m'makatuni idzakusangalatsani. Jack Kirby ali mnyamata m'zaka za m'ma 1930 anagwira ntchito ku Fleischer Studios ku New York, kumene ankajambula zithunzi zapakati zolumikiza zimene akuluakulu ake anajambula kale, ndipo sanakhalitse. Anabwereranso ku makatuni mu 1978 ali kale katswiri wa makomiki, kenaka anagwira ntchito ku situdiyo ya Ruby-Spears m'zaka za m'ma 1980, tsopano ngati wopeka maonekedwe a anthu, zilombo ndi makina.

Luso limene limalumikiza magawo onse atatu ndi storyboard, zithunzi zotsatizana zoonetsa momwe filimu idzaonekere isanajambulidwe, ndipo apa m'pofunika kuthera nthawi yambiri. Ngakhale imafanana ndi komiki, malamulo ake ndi ena. M'buku mumatha kukulitsa bokosi mpaka kudzaza tsamba kuti wowerenga aime n'kuyang'anitsitsa, koma pa sikirini bokosi limakhala la mpangidwe umodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, monga 16:9 wa wailesi ya kanema kapena 2.39:1 wa mafilimu ambiri a m'sinema. Komanso amene amalamulira nthawi salinso wowerenga, ndi inuyo pamodzi ndi dayilekita. Choncho muphunzire mayina a kaimidwe ka kamera, muzigwiritsa ntchito mivi posonyeza kumene munthu kapena kamera ikulowera, ndiponso musamale lamulo la madigiri 180, lakuti anthu awiri akamalankhulana kamera ikhale mbali imodzi ya mzere wowalumikiza, kuopa kuti amene anali kumanzere angapezeke kumanja mwadzidzidzi. Njira yabwino yophunzirira ndi kusankha mphindi ziwiri za filimu imene mumaikonda, kuiimitsa nthawi iliyonse chithunzi chikasintha, n'kujambula mwachangu zimene mukuona. Mukatero lumikizani zithunzi za nkhani yanuyanu pa kompyuta, muikepo mawu ndi nthawi, kuti mupange animatic, pakuti ndi pamene mudzaone ngati nthabwala yanu ikufika mochedwa kapena ngati ndewu ikutha owonera asanamvetse amene wamenya mnzake. Kuchita changu kumaposa kukongoletsa, chifukwa dayilekita akhoza kusintha maganizo masana n'kutaya zonse zimene munajambula m'mawa.

Mudziwenso kuti mafilimu ambiri amene amakonzedwa papepala safika pojambulidwa. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Giraud anajambulira dayilekita Alejandro Jodorowsky zithunzi pafupifupi 3,000 za filimu ya Dune, koma ndalama sizinapezeke ndipo ntchitoyo inafera m'mazira. Komabe Dan O'Bannon, amene anali m'gulu lomwelo, ndi amene analemba Alien ya 1979, momwe Giraud anathandiza kukonza zovala za oyenda m'mlengalenga, ndipo pambuyo pake Giraud anagwiranso ntchito pa Tron ya 1982. Motero gwirizanani kuti muzilipidwa gawo lililonse likatha osati filimu ikatuluka, ndipo musiyane bwino ndi anzanu a pa ntchito imene yalephereka. Pojambula zovala, nyumba kapena makina a mufilimu, kumbukirani kuti telala, kalipentala ndi katswiri wa kompyuta ayenera kuzipanga, choncho onetsani kumbuyo kwake, potsekulira pake ndi kukula kwake poyerekeza ndi munthu.

Nkhani ya mgwirizano musaisiyire mawa. Jerry Siegel ndi Joe Shuster anagulitsa Superman mu 1938 pa madola 130 okha, ndipo Kirby, amene anathandiza kupanga Captain America mu 1941 ndi Fantastic Four mu 1961, analimbana zaka zambiri ndi kampani ya makomiki ya Marvel kuti abwezeredwe masamba ake enieni, mpaka mu 1987 pamene analandira gawo chabe la masambawo. Iye anamwalira mu 1994, ndipo banja lake linagwirizana ndi Marvel mu 2014. Mike Mignola anayenda njira ina: Hellboy, munthu wa m'komiki amene iye anapeka, anakhalabe wake pamene ankasindikizidwa ndi kampani ya Dark Horse, kotero filimu ya 2004 inapangidwa mwini wake alipo. Musanasaine, funsani ngati mukugulitsa ntchito yonse kapena chilolezo cha nthawi yoikika, ngati dzina lanu lidzalembedwa, kuchuluka kwa maulendo amene angakuuzeni kuti musinthe popanda malipiro ena, komanso nthawi imene mudzaloledwe kuonetsa zithunzizo kwa ena ofuna kukulembani ntchito. Ku Malawi umwini wa zojambula umatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira nkhani zimenezi.

Zitsanzo za ntchito yanu muzigawe patatu, chifukwa mkonzi wa mabuku amafuna masamba otsatizana, situdiyo ya makatuni imafuna model sheet ndi storyboard, pomwe opanga mafilimu amafuna malo, zovala ndi zipangizo. Mapulogalamu asakudetseni nkhawa: Krita ndi Blender ndi aulere, ndipo Storyboard Pro, imene masitudiyo ambiri amagwiritsa ntchito, mukhoza kuiphunzira dzanja litakhwima kale. Kumwera kuno kwa Africa khomo lilipo, poti situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town ili ndi maphunziro aulere pa intaneti, ndipo ndi imene inapanga Supa Team 4, nkhani ya Malenga Mulendema wa ku Zambia yochitikira mu Lusaka, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023.

Ntchito ya situdiyo imabwera ndi mgwirizano wosunga chinsinsi, ndipo pakhoza kudutsa zaka ziwiri musanaloledwe kuonetsa chithunzi ngakhale chimodzi. Pa nthawi imeneyo patulani tsiku limodzi pa sabata lojambula komiki yanu, ngakhale likhale tsamba limodzi lokha, ndipo muzilitulutsa ndi dzina lanu, kuti mkonzi kapena dayilekita wotsatira akadzafunsa zimene mwachita posachedwa mudzakhale ndi chomuonetsa.