Zoyenera kuchita mphepo yamkuntho ikagwetsa mawaya a magetsi

Mphepo yamkuntho ya m'nyengo yotentha imagwetsera mitengo pamawaya, imazula mapolo nthaka ikafewa ndi mvula, ndipo mphenzi zake zimawotcha mathiransifoma. Kukonza zonsezi kumatenga nthawi, moti pachilumba cha Puerto Rico, namondwe wa Maria atawomba mu 2017, madera ena anakhala opanda magetsi pafupifupi miyezi 11. Choncho mukangomva chenjezo, tchajani mafoni, ikani tochi pafupi, ndipo zulani mapulagi a kompyuta ndi wailesi yakanema, pakuti kungozimitsa sikuziteteza ku mphenzi.

Ngozi yaikulu imabwera mphepo italeka, anthu akamatuluka kukaona zowonongeka. Waya aliyense amene wagwa muzimuona kuti ali ndi moto, ngakhale asakuthetheka, ndipo mutalikirane naye mamita osachepera 10. Magetsi amafalikira m'nthaka ndipo mphamvu yake imanka icheperachepera mukamatalikira, kotero munthu akatanyula miyendo pothawa, magetsiwo amalowera mwendo umodzi n'kutulukira winawo. Mukapezeka pafupi ndi wayayo, chokanipo mokhwekhwereza mapazi ali ogundana, osawanyamula. Musayese kumukankha ndi mtengo, chifukwa mtengo wachinyezi umadutsa magetsi, ndipo munthu amene wagwidwa ndi magetsi musamukhudze, koma imbirani kampani yamagetsi ndi achipatala. Waya akagwera galimoto yanu, khalani momwemo kudikira thandizo. Pokhapokha ikayamba kuyaka m'pamene mungadumphe, miyendo yonse pamodzi, osakhudza galimoto ndi nthaka nthawi imodzi.

Jenereta nayonso imapha anthu ambiri mosayenera. Iikeni panja, mamita 6 kuchokera pazitseko ndi mawindo, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo. Musailumikize pasoketi ya m'nyumba: magetsi ake amabwerera m'mawaya akunja, thiransifoma n'kuwawonjezera mphamvu, ndipo angathe kupha amisiri amene akukonza poganiza kuti mzerewo ndi wozimitsidwa.

Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya maola 4, ndipo firiza yodzaza imafika maola 48.

Oyandikana nanu akayatsa inu mukadali mumdima, kudikira chabe sikuthandiza. Amisiri amayamba ndi mawaya akuluakulu, masiteshoni ndi zipatala, ndipo waya wolowa m'nyumba imodzi akaduka nthawi zambiri sadziwa mpaka mwininyumba atawauza, ndiye aimbireni n'kuwafotokozera bwino pamene pali vuto.