Momwe mungawerengere ndakatulo poyang'ana olemera ndi osauka

Ndakatulo ikamayamikira munda wokongola, alipo amene anaulima. Ikamatamanda nyumba yaikulu, alipo amene anasenza miyala yake. Ntchito yanu ndi kumupeza munthu ameneyu ngakhale mlakatuli atamubisa. Ine ndimachita motere.

Choyamba, pezani ndakatulo yathunthu. Timabuku ta mayankho totsika mtengo tija, komanso masamba ena a pa intaneti, amadula ndime osakuuzani. Ena amangogulitsa "tanthauzo", ndakatuloyo osaiikamo n'komwe. Musatayirepo ndalama, pakuti ndakatulo zakale zambiri zimapezeka mwaulere. Kudulaku sikunayambe lero ayi. John Clare, waganyu wa m'minda ya ku Helpston ku England, atatulutsa buku lake loyamba mu 1820, Lord Radstock amene ankamuthandiza anaumirira kuti mizere yotemberera chuma ichotsedwe, ndipo posindikizanso inachotsedwadi. Choncho onani kuti lomwe mwagwiralo linasindikizidwa liti.

Kenako werengani mokweza kawiri, pensulo ili m'manja. Chongani zinthu zinayi: mwini katundu ndani, akugwira ntchito ndani, akulankhula ndani, ali chete ndani. Samalani kwambiri pamene zinthu zikuoneka ngati zikungochitika zokha. Mu "To Penshurst", ndakatulo ya Ben Jonson ya mu 1616 yotamanda nyumba ya banja la Sidney ku Kent, nsomba zimalowa zokha mu ukonde, mbalame zimalolera kuphedwa, alimi amabwera ndi mphatso mosekerera. Raymond Williams, m'buku lake la 1973 lakuti The Country and the City, anaonetsa kuti kukongola konseku kwatheka chifukwa thukuta la antchito lafufutidwa. Mukaona chuma chopanda msodzi kapena mlimi wotopa, chongani pomwepo.

Gawo lachitatu ndi limene linandigwetsa, choncho ndifatsapo. Musamutenge wolankhula mu ndakatulo ngati mlakatuli mwini wake.

Ndinali kulemba za "The Chimney Sweeper" ya William Blake ya mu 1789. Akulankhula ndi kamwana kamasiye kamene bambo ake anakagulitsa kuti kazisesa mwaye m'machumuni. Mnzake Tom akulota mngelo akutsegula mabokosi akuda a maliro, ana n'kutuluka kukasamba mumtsinje. Pomaliza kamwanako kakuti onse akamachita ntchito yawo sayenera kuopa choipa. Ine ndinagwira mzere umenewu n'kulemba masamba atatu kuti Blake akuuza amphawi kuti azigonjera mabwana awo. Ndinali ndi mkwiyo weniweni pomulembera zimenezi, ndipo ndinkaona ngati ndikuimira ana aja.

Mphunzitsi wanga anangondifunsa funso limodzi: mawu amenewa, mwanayu anawamva kwa ndani? Apa m'pamene ndinaona kuti mwanayo akungobwereza zimene akuluakulu anamuloweza kuti asadandaule. Ululu wa ndakatuloyi uli pomwepo, kuti wozunzidwa akudzitonthoza ndi chiphunzitso cha omuzunza. Ndikanawerenga inzake ya mutu womwewo ya mu 1794 sindikanasochera, chifukwa mmenemo mwana akudzudzula poyera makolo opita ku tchalitchi, wansembe ndi mfumu. Mpaka pano zimandiwawa kuti ndinanamizira munthu amene ankalirira ana amenewa, panthawi imene lamulo la 1788 linkalolabe kuti mwana wa zaka 8 aphunzire ntchitoyi.

Ndiye musanaweruze, lembani pambali: wolankhulayu ali ndi zaka zingati, amadalira ndani kuti apeze zofunika pa moyo, akanena zoona zingamuchitikire zotani? Wantchito akamayamika bwana wake mu ndakatulo, funsani ngati anali ndi ufulu wonena zina. Ndiponso funani ndakatulo ina ya mlakatuli yemweyo musanamumate dzina.

Chachinayi, fufuzani chaka ndi zimene zinkachitika pa nkhani ya malo ndi malipiro. Clare akamalira mipanda, sakungokongoletsa mawu: lamulo la 1809 linalola kuti malo amene anthu a kwawo ankadyetsako ziweto limodzi atchingidwe n'kukhala a anthu ochepa. Njira yachidule ndi kuwerenga mawu oyamba a buku, nthawi zambiri izi zimakhala mmenemo. Onaninso amene ankalipira mlakatuliyo.

Chachisanu, mverani chilankhulo. Ndani akulankhula cha kusukulu, ndani cha kumunda, ndipo ndi uti amene ndakatulo ikumupatsa ulemu? Musaiwale akazi. Stephen Duck atalemba za ntchito yopuntha tirigu n'kunena kuti akazi amangocheza kumunda, Mary Collier, wochapa zovala, anamuyankha ndi ndakatulo yake mu 1739, kuwerengera ntchito zimene mkazi amagwira usana ndi usiku.

Polemba, mfundo iliyonse ikhale ndi mzere wake wa mu ndakatulo. Dzina la Karl Marx, katswiri amene analemba zambiri za kulimbana kwa olemera ndi antchito, mungalitchule, koma lisalowe m'malo mwa umboni. Mfundo yopanda mzere, ifufuteni.