Buledi wa chofufumitsa chodzipangira wekha kuno ku Mangochi

Buledi uyu safuna yisiti wa m'sitolo. Chofufumitsa chake ndimapanga ndekha: masupuni 3 a fulawa ndi masupuni 3 a madzi m'botolo lagalasi, kutakasa, n'kuvindikira ndi kansalu. Madzi a pampopi ndimayamba ndawagoneka usiku m'chidebe chosavindikira kuti mankhwala a klorini omwe amathiramo achepe mphamvu. Tsiku lililonse tayani theka, muonjezere fulawa ndi madzi. Pakatha masiku 5 mpaka 7 chimachita thovu n'kumanunkhira ngati thobwa logona. Pamenepo chapsa.

Vuto lathu kuno ndi kutentha. Mu Okutobala chofufumitsa chimawira msanga n'kusasa kwambiri, ndiye muzichidyetsa m'mawa ndi madzulo. Botololo ine ndimaliika pansi, pafupi ndi mtsuko wamadzi akumwa, pomwe pamazizirirako.

Pokanda, sakanizani makapu 4 a fulawa, kapu ndi theka ya madzi, theka la kapu ya chofufumitsa ndi masupuni aang'ono 2 a mchere. Mtandawo umamata m'manja, koma musathamangire kuthira fulawa wina. Nyowetsani manja basi. Muupinde katatu, motalikirana mphindi 30, kenako muusiye maola 3 kapena 4. Ukaufinya ndi chala n'kubwerera pang'onopang'ono, wakonzeka. Mukausiya tsiku lonse kunja kukutentha, umaphwa.

Uvuni si wofunika. Tenthetsani poto wokhuthala pambaula, ikani mtanda, udulenipo pamwamba ndi lumo, vindikirani. Makala ambiri akhale pachivindikiro, pansi ochepa, apo ayi kunsi kupserera mkati muli mwaziwisi. Mphindi 40 mpaka 45 zikwana. Dikirani ola lathunthu musanaudule.