Momwe mungayendetsere alendo ochokera kumudzi pa doko la St Katharine ku London osawononga ndalama

Abale akabwera kuchokera ku Malawi, choyamba chimene amafuna ndi chithunzi pa mlatho wansanja ziwiri uja, Tower Bridge. Ndaperekeza alendo kumeneko kangapo, ndipo ulendo wanga umayambira pa St Katharine Docks, kadoko ka mabwato kobisika kuseri kwa mlathowo, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames.

Kwerani sitima yapansi panthaka, mzere wa District kapena Circle, mutsikire pa Tower Hill. Dzina la siteshoni ya London Bridge lisakunyengeni, mlatho wa dzina limenelo ndi wina, wakonkire wamba. Wansanja uja ndi Tower Bridge, womwe unatsegulidwa mu 1894. Mukatuluka m'siteshoni ya Tower Hill mudzaona linga la Tower of London patsogolo panu. Kulowamo munthu wamkulu amalipira mapaundi oposa 30, choncho ngati muli anthu asanu, lizungulireni kunja, chithunzi chimatuluka bwino chimodzimodzi. Okhala m'boma la Tower Hamlets amalowa ndi paundi imodzi yokha akaonetsa umboni.

Koma musananyamuke kunyumba, onani nthawi ya madzi. Apa ndi pamene ndinapunthwa.

Thames wa mu London amadzadza ndi kuphwa kawiri pa tsiku motsatira nyanja, ndipo madzi amatha kukwera ndi kutsika pafupifupi mamita 7. M'dokomo madzi sasuntha chifukwa atsekeredwa ndi zitseko ziwiri zikuluzikulu. Bwato lochokera mumtsinje limalowa pakati pa zitsekozo, amalitsekera, madzi nkulikweza kapena kulitsitsa mpaka lifanane ndi am'kati, kenako timilatho tapamwamba pake timatseguka bwato nkudutsa. Chimenechi ndicho chosangalatsa kuona, ndipo n'chaulere. Vuto ndi lakuti zimachitika pokhapokha madzi atatsala pang'ono kudzadza kapena atangodzadza kumene.

Ine sindinkadziwa. Azakhali anga atabwera, ndinawadzutsa m'mamawa, ndinawalonjeza kuti akaona bwato likukwezedwa ndi madzi. Tinafika madzi ataphwa. M'mphepete monse munali matope ndi miyala yobiriwira ndere, zitseko zili tseke. Tinadikira pabenchi, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa, iwo atafunda chitenje pamwamba pa jekete, akusisita mawondo. Patapita ola anati, "Mwana wa achimwene, tiyeni tizipita, miyendoyi yakana." Zinandipweteka mtima, chifukwa linali tsiku lawo lomaliza, ndipo anabwerera kumudzi osaona chimene ndinawalonjeza.

Ndiye chitani chonchi. Lembani pa intaneti mawu akuti London Bridge tide times, mupeze ola limene madzi adzadze tsiku limenelo, mufike ola limodzi nthawiyo isanakwane. Musadalire nthawi ya dzulo, imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. M'nyengo yotentha, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, mabwato amachuluka. Tsegulaninso tsamba la Tower Bridge, amalembapo maola amene mlatho udzatukulidwe kuti zombo zazitali zidutse. Mukapeza tsiku limene ziwirizi zayandikana, gwirani lomwelo.

Muli m'dokomo, aonetseni alendo nyumba yanjerwa ya wotchi pamwamba, Ivory House. Mmenemo ndimo munkasungidwa minyanga ya njovu, yambiri yochokera ku Africa kwathu. Doko lonseli analikonza Thomas Telford, linatsegulidwa mu 1828, ndipo kuti limangidwe anthu oposa 11,000 anasamutsidwa, nyumba zawo nkugwetsedwa. Linasiya kulandira katundu mu 1968. Lero mwadzadza mabwato oyera a anthu olemera. Ine ndimaima pamenepo kanthawi, ndimafuna alendo adziwe kuti kukongolaku kuli ndi mbiri yowawa.

Za chakudya, malo odyera ozungulira madziwo ndi odula. Tengani kamba wanu, mpunga ndi nkhuku m'kontena, mudyere pabenchi, palibe amene angakuletseni. Pamlatho chenjerani ndi anyamata a masewera a tikapu titatu ndi kampira. Amene mumawaona akupambana aja ndi anzawo omwe. A njinga zonyamula anthu nawonso, musakwere musanagwirizane mtengo, ndipo munthu wogulitsa matikiti pamsewu musamumvere.

Kenako wolokani mlathowo wapansi, n'kwaulere. Kutsidya, kumanzere kuli Shad Thames, kamsewu ka nkhokwe zakale za tiyi ndi zokometsera zakudya. Kumanja mudutsa chombo chankhondo cha HMS Belfast mpaka kukafika ku Borough Market. Amene akadali ndi mphamvu angabwerere kummawa ku Wapping, kapena kumpoto ku Whitechapel ndi Brick Lane kumene zakudya za anthu a ku Bangladesh n'zotsikirapo mtengo.

Pobwerera, bwato la Thames Clippers limaima pa Tower Pier ndipo khadi ya Oyster, yolipirira sitima ndi mabasi mu London, imagwira ntchito, kungoti ndalama yake sailowetsa pa malire a ndalama zimene khadiyo imakudulani pa tsiku limodzi. Ngati thumba lapepuka, Tower Hill ili pafupi.