Manambala 6 a pa SMS, osapereka

Anzanga a pa koleji, wina akakuimbirani kuti mumutumizire manambala 6 amene abwera pa SMS, ati akulowetseni m'gulu la kalasi kapena pa msonkhano wa Zoom, dulani foniyo. Manambalawo ndi a WhatsApp yanu. Mukangopereka, mbavayo imatsegula akaunti yanu pa foni yake, inu n'kutsala kunja, kenako imayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu, ati fizi yavuta. Ngakhale pempholo libwere ngati uthenga wochokera kwa class rep, muimbireni kaye, mwina akaunti yake yabedwa kale.

Lero lomwe mu WhatsApp pitani pa Settings, Account, Two-step verification, muike PIN ndi imelo. Koma PIN isakhale tsiku lanu lobadwa, lili poyera pa Facebook.