Oats wa ndimu wonyika usiku, wopanda timibulu

Vuto linali pa mkaka. Ndikathira madzi a ndimu mu oats madzulo, m'mawa ndinkapeza madzi ayandama pamwamba, pansi pali timibulu toyera. Asidi wa m'ndimu ndiye amagwiranitsa mapuloteni a mumkaka, ngati mmene mkaka umachitira ukasasa.

Fungo lenileni la ndimu lili m'khungu. Ndiye tsopano ndimapala khungu lakunja lokha, mopepuka. Choyera cham'kati musachikhudze, chimawawa, ndipo chikagona usiku chimawawitsa botolo lonse.

M'botolo ndimaika theka la kapu ya oats, theka la kapu ya mkaka, masupuni 3 a yogati wopanda shuga (chambiko nayenso amagwira ntchito), supuni yaing'ono ya khungu lija, uchi ndi kamchere. Nditseka, ndiika m'furiji maola 6 kapena kuposerapo. Madzi a ndimu amadikira mpaka m'mawa, supuni yaing'ono imodzi basi, ndikutakasa pomwe ndikudya.

Gulani oats wamasamba akuluakulu. Wofulumira kupsa uja amafewa kwambiri, amangosanduka phala. Magetsi akakhala kuti azima usiku wonse m'nyengo yotentha ya Okutobala, sindinyika n'komwe, ndimangophika m'mawa.